Mahatchi Okana Kuwoloka Mtsinje

Amalume anga atabwerako ku migodi ya ku Joni anatsika basi pa Mlangeni ndi bokosi lachitsulo lobiriwira, lolemera moti anthu awiri anachita kulipika pamtengo. Ine ndinali ndisanamalize pulayimale. Tonse tinkayembekeza zovala, ndipo zinalimodi: mabulangete, jekete lachikopa, wailesi, nsalu za amayi. Koma pansi penipeni pa bokosilo panali timabuku tambiri tolowa m'thumba la malaya, tachikuto chofewa, mapepala ake atasanduka achikasu. Pachikuto panali zithunzi za amuna a zipewa zazikulu atakwera mahatchi, zombo zikumenyedwa ndi mafunde, mkazi akuthawa nyalugwe.

Amalume sankawerenga Chingerezi. Anandiuza kuti timabukuto anatitola pamene kapitawo wina wachizungu ankasamuka, atatiunjika panja kuti tiwotchedwe.

"Nanga munatitengeranji, amalume, poti simuwerenga?"

"Pepala lake, mphwanga. Tagwira. Lopyapyala, ndipo limayaka pang'onopang'ono. Nyuzipepala imawawa kukhosi."

Ankapichirira chingambwe. Chizolowezi chawo chinali kung'amba kuyambira kumapeto kwa buku. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkawerenga kuchokera kutsogolo, iwo akusuta kuchokera kumbuyo, ndipo tinkakumana pakati. Chingerezi changa chinali chopunduka, mawu ambiri ndinkangowalumpha, koma munthu akathamangitsidwa umadziwa kuti akuthamangitsidwa. Ndinakula ndi nkhani zambiri zopanda mathero. Munthu amumangirira pamtengo, moto ukuyandikira, basi tsamba lotsatira linapita ndi utsi. Ndinkamumasula ndekha m'maganizo ndikupita kudimba.

Patapita zaka zingapo chifuwa cha kumgodi chinawakula amalume, ndipo kuchipatala anawaletsa fodya. Tsiku lina anakankhira bokosi lija kwa ine ndi phazi.

"Tenga. Otsalawa apulumuka."

Sukulu sindinapite nayo patali. Ndinalowa bizinesi ya kachewere: kugula pa Lizulu ndi kumapiri a ku Biriwiri, kukweza matumba palole, kukagulitsa ku Limbe. Kumeneko ndi kumene ndinaona anthu akuyala mabuku akale m'mbali mwa msewu, pakati pa ogulitsa nsapato ndi ogulitsa maloko. Poyamba ndinkangofuna mathero a nkhani zanga zija. Ena ndinawapezadi, ndipo kangapo ndinakhumudwa, chifukwa mmene ndinamupulumutsira munthu ine munali mwabwino kuposa mmene anamupulumutsira mwini buku. Koma pofika pamenepo matenda anali atalowa kale. Ndinayamba kugula lililonse la mtundu umenewo, ngakhale lothothoka chikuto.

Ndinaphunzira kusiyanitsa akale enieni ndi osindikizidwanso. Akale enieni m'mphepete mwa masamba anapakamo utoto wofiira kapena wachikasu, mtengo wake unalembedwa m'masheleni, ndipo guluu wa kumsana unauma moti ukatsegula mwamphamvu buku limathyoka ngati chinangwa. Amanunkhiranso mwamtundu wina, fungo la m'nkhokwe yakale. Ndinkawasunga m'kabati ya pabalaza, ndi masamba a fodya pakati pawo kuopa njenjete. Mkazi wanga kabatiyo ankaifunira mbale, ndipo nkhani imeneyi sinathe mpaka lero.

Funso la amene anawalemba linandipeza mochedwa, tsitsi litayamba kale imvi. Inali nthawi ya dzinja, misewu ya kumapiri itaterera, malole osakwera, ine ndili pakhomo. Ndinkawerenga buku lina la akauboyi, amuna a zipewa zazikulu ndi mahatchi aja. Mlendo wafika pakhomo pa woweta ng'ombe, ludzu litamugwira. Mwini khomo akuthira chakumwa m'kapu, akulawa kaye iye mwini, kenaka n'kumupatsa mlendo. Ndinadutsa osaima, pakuti ndi mmene timachitira kwathu: wopereka mowa kapena thobwa amayamba walawa, kuti womwa amwe ndi mtima umodzi. Patapita masiku ndinatenga lina, la panyanja, dzina la pachikuto losiyana kotheratu. Woyendetsa chombo akupatsa mkaidi wake madzi, ndipo nayenso akuyamba walawa. Apa ndiye ndinaika chala patsamba. Kodi azungu amachita zimenezi? Ndinali nditawerenga mabuku ochuluka mmene anthu amamwa pafupifupi tsamba lililonse, koma sindinkakumbukira wina akulawira mnzake.

Ndinatulutsa mabuku onse m'kabati n'kuwayala pamphasa. Sabata imeneyo sindinagwire ntchito ina yooneka. Ndinkasanthula paliponse pamene munthu akupatsa mnzake kapu. Ambiri munalibe kanthu. Koma pang'onopang'ono kamulu kena kanayamba kukula pambali, mabuku osapitirira zala za manja awiri, ndipo pa zikuto zawo panali mayina atatu osiyana, onse achimuna, omveka ngati a asilikali.

Nditawawerenga motsatizana ndinaona zinanso. M'mabuku ena a akauboyi mwezi wa Julayi ndi wa dzuwa loswa mtengo, anthu akufa ndi ludzu. Koma mu kamulu kanga Julayi anali wozizira, wa nkhungu yotsika m'mapiri ndi mvula yamawawa, anthu akuwotha moto m'mawa. Ameneyo ndi Julayi wathu, amene amatisweketsa milomo ku Biriwiri. Ndipo m'buku limodzi munali chinthu chimene chinandiimitsa mutu. Wakuba ng'ombe akuthawa wapolisi, akungodumpha msewu n'kuima tsidya linalo, chifukwa msewuwo ndiwo malire a mayiko awiri. Wapolisi akuima tsidya lake, awiriwo n'kumacheza, mpaka kuponyerana machesi. Buku linkati zimenezi zikuchitika kumalire a Amereka. Koma ine msewu wotero ndimaimapo tsiku lililonse la msika pa Lizulu: phazi ili ku Malawi, ukawoloka kukagula sopo uli ku Mozambiki.

Ulendo wotsatira wa ku Limbe ndinatenga mabuku atatu, limodzi pa dzina lililonse, kukaonetsa mkulu wina amene ndinkagulako kawirikawiri. Anali atagulitsa mabuku pamalo omwewo kuyambira ali mnyamata.

"Achimwene, anthu atatuwa akulemba ngati munthu mmodzi. Zingatheke?"

Anawatembenuza, n'kuyang'ana tizilembo ta kuseri kwa tsamba loyamba, pamene pamalembedwa kampani yosindikiza.

"Inu mumakwera basi," anatero. "Dzina lolembedwa pabasi ndi la dalaivala?"

"Ayi, ndi la kampani."

"Ndi zomwezo. Timabuku iti tinkatuluka mwezi ndi mwezi. Munthu mmodzi sakanakwanitsa. Kampani inali ndi mayina ake, olemba ankangosinthana pampando. Lero ayendetsa uyu, mawa uyo, dzina lomwelo. Ndiponso dalaivala mmodzi akhoza kuyendetsa mabasi atatu."

"Nanga dalaivala wa awa ndani?"

Anaseka. "Pamenepo ndiye simudzamupeza. Anthu amenewa ankangolemba kuti adye."

Ndinabwerera palole ndikuganiza za munthu amene sindinamuonepo. Ndinkamuona ngati mzungu wa ndevu, mwina wogwira ntchito ya misewu, atakhala m'hema chapafupi ndi kwathu, akulemba za dziko lakutali koma maso ali pa mapiri athu.

Foni ya intaneti ndinaigulira kufunsa mitengo ya kachewere m'matauni. Koma tsiku lina ndinalembamo limodzi la mayina atatu aja, ndipo ndinapeza kuti kunja kuli anthu odwala matenda angawa, ali ndi gulu lawo. Ndinalowa, n'kulemba ndi Chingerezi changa cha m'mabuku a akauboyi. Amene anandiyankha anali bambo wina wokalamba wa ku Mangalande, wopuma ntchito ya njanji, amene nyumba yake, malinga ndi zithunzi zimene ananditumizira, inali mabuku kuyambira pansi mpaka kudenga.

Anatsimikiza zimene ananena mkulu wa ku Limbe. Kampaniyo inali yaing'ono ndipo inatsekedwa kalekale. Mwa olemba amene ankabisala kuseri kwa mayina atatuwo, angapo anadziwika, ena chifukwa ana awo ananena, ena chifukwa anadziulula okha atakalamba. Koma panatsala mmodzi. Pagulupo ankamutchula kuti mwini mahatchi ouma mutu.

"Tawerenganinso," analemba. "Mahatchi a olemba ena amadumpha mitsinje ngati mbalame. Ake akafika pamtsinje amaima, kuumitsa miyendo, wokwera n'kutsika kumakoka chingwe, mnzake akukankha kumbuyo. Hatchi sichita zimenezo kawirikawiri. Munthu ameneyu ankalemba bwino kuposa anzake onse, koma mahatchi sankawadziwa."

Ndinatsegula mabuku anga, ndipo zinalidi choncho. Ine sindinazione chifukwa nanenso hatchi ndimangoiona pachithunzi. Za kuzizira kwa Julayi iwo anali ataziona kale, n'chifukwa chake ankaganiza kuti munthuyo anali wa ku Joni kapena maiko ena a kummwera. Koma za kulawa kapu palibe anali atazilabadira. Nditawafotokozera za msewu wa malire, bamboyo anafunsa ngati msewu wotero ulikodi. Tsiku la msika ndinaima pakati pa Lizulu n'kujambula: mbali iyi milu ya tomato ndi kabichi, mbali iyo sitolo yolembedwa Chipwitikizi. Anayankha ndi mawu ochepa: "Funsani achikulire a kwanuko. Ife kuno tafika pamapeto."

Ndinafunsadi. Ndinafunsa m'maliro, m'misika, pachigayo. Ena ankaganiza kuti ndikufuna malo a mzungu wakale. Wina anati mwina anali wa mishoni, koma ndinakayika kuti munthu wa mishoni angalembe za mfuti ndi mowa mochuluka chonchija. Wina ananditumiza kwa mkulu amene anagwirapo ntchito ya misewu, koma nditafika ndinapeza kuti makutu anatseka ndipo ankangondifunsa ngati mvula yagwa kwathu. Chaka chinatha, china n'kuyamba.

Yankho linali m'nyumba mwanga momwe. Tsiku lina masana mkazi wanga akusankha nyemba pakhonde, ine ndikudandaula kuti anthu onse odziwa anamwalira, anangoti:

"Kodi si kwa ataipi kumene mukufunaku?"

"Kwa ataipi n'kuti?"

"Agogo anga ankakagulitsa mazira kusitolo ina kumunsi kwa Biriwiri. Mwini wake anali mzungu. Anthu ankati kwa ataipi, chifukwa masana onse kunkamveka makina olembera, kha kha kha, ngati gogomole pamtengo. Sitoloyo inagwa kale, pali chimanga tsopano."

"Munkadziwa zimenezi nthawi yonseyi?"

"Munandifunsa? Inu mumafunsa azungu a pafoni." Anapeta nyemba zake pang'ono. "Mwana wawo wamkazi alipo, ku boma. Timakumana kumisonkhano ya amayi a kumpingo. Ndi wokalamba, koma mutu uli bwinobwino."

Anakonza yekha zonse. Tinapita Loweruka lina m'mawa, iye atasenza dengu la kachewere wosankha, ine nditanyamula kamulu kanga ka mabuku m'jumbo. Tinapeza mayi woyera khungu, wamfupi, tsitsi lonse mbuu, atakhala pampando pakhonde la nyumba ya njerwa. Chichewa chawo chinali chathu chenicheni cha kumapiri. Maso anali atachita khungu pang'ono, moti potipatsa moni ankatembenuzira khutu kumene kukuchokera mawu. Anatipatsa tiyi. Ndinayang'anitsitsa ngati alawe kaye. Sanalawe.

Titamwa, ndinafotokoza chimene ndadzera, mwamanyazi ndithu, chifukwa kunena mokweza kunkamveka ngati zachibwana. Ndinati ndikufuna kudziwa ngati bambo awo ankalemba mabuku.

"Bambo?" anatero. "Bambo sankatha kukhala pampando nthawi yoti madzi awire."

Anatiuza kuti bambo awo anali msilikali amene anatsalira kuno nkhondo ya dziko lonse itatha, n'kutsegula sitolo. Mayi awo anali mkaladi, wophunzitsidwa ndi masisitere ku Halale, kumene anaphunziranso taipi. Sitolo sinkayenda bwino. Bambowo ataona m'nyuzipepala kuti kampani ina ikufuna nkhani za akauboyi, analemba imodzi n'kutumiza, koma inabwezedwa. Mayiwo anaitenga, n'kuilembanso kuyambira pachiyambi, ndipo inalandiridwa.

"Kuyambira pamenepo anagawana ntchito. Pofika pomenyana ndi mfuti, mayi ankaitana bambo kuti anene mmene mfuti imagwirira, chipolopolo chimapita pati, munthu amagwa bwanji. Bambo ankanena ataimirira, akuloza ndi ndodo ya tsache. Zina zonse zinali za mayi. Makina anali kuseri kwa kauntala. Kukabwera wogula mchere, ankadzuka, kumupimira, n'kubwerera."

"Nanga anthu ankati amalemba ndani?"

"Ankati bambo, poti ndiwo ankapita ndi mitokoma kupositi. Mayi sankatsutsa. Mkazi wa kumpingo kumalemba za mowa ndi kuphana, akanamuona bwanji anzake? Bambo atamwalira, mayi anapitirizabe zaka zingapo. A kampani sanafunse, iwonso sananene."

Ndinadziletsa kusangalala msanga. Kukhala ndi taipi si umboni. Mwina mayiwo ankalembera kampani ina, mabuku ena. Ndinatulutsa buku la msewu wa malire lija n'kupempha kuti ndiwawerengere pang'ono. Ndinasankha pakati, pamene wakuba ng'ombe wavulala mwendo ndipo akufuna pobisala. Ndinawerenga mwina theka la tsamba, ndi katchulidwe kanga kokhotakhota. Mayi aja anakweza dzanja.

"Akalowa mosungira chimanga," anatero. "Mtsikana wa pakhomopo amuona, koma sanena. Amubweretsera mazira owiritsa m'chipewa."

Ndinatembenuza tsamba. Mazira anali m'chipewa.

Mkazi wanga anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Mayiwo anati mayi awo ankawerenga mokweza mutu uliwonse akaumaliza, kuti amve ngati ukuyenda, ndipo omvera anali iwowo, ali kamtsikana, atakhala pathumba la mchere. Zambiri anaiwala. Za mazira anakumbukira chifukwa tsiku limenelo analira, kuopa kuti munthuyo agwidwa, mpaka mayi awo anawanong'oneza mathero.

Ndinawauza za anthu a kunja aja, ndi dzina limene anapatsa mayi awo, mwini mahatchi ouma mutu. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Mayi sanakhudzepo hatchi moyo wawo wonse. Kuseri kwa sitolo kunali kamtsinje. Anthu a tsidya la Apwitikizi ankabwera ndi abulu atasenza chimanga, ndipo pakamtsinjepo pankakhala nkhondo tsiku lililonse. Mayi ankaima pawindo kuonerera. Nthawi zina ankandituma kuti ndikaone mmene bulu amaikira makutu akakwiya. Bambo ankawauza kuti hatchi si bulu, iwo n'kumati miyendo ndi inayi yomweyo."

Za kulawa kapu sanadabwe nazo. Anati mwina mayi awo sankadziwa n'komwe kuti kwina sachita choncho, poti anakulira kwa amayi awo kumudzi asanapite kwa masisitere. Anandiuzanso kuti munthu wina woipa wa m'mabukumo, wa dzino lagolide, anali wogula chimanga wina amene ankabwera ndi sikelo yobera, ndipo mayi awo anamupha m'mabuku awiri osiyana.

Chimene sindinayembekeze n'chakuti mayiwa anali asanaonepo mabukuwo. Kampani sinkatumiza, ndipo mayi awo sankaitanitsa. Mapepala otsala anadyedwa ndi chiswe, makina anagulitsidwa sitolo itatsekedwa. Ndinawapatsa limodzilimodzi. Ankalisisita, kulinunkhiza, n'kuliyandikitsa pafupi ndi diso lakumanja limene linkaonako pang'ono. Pa chikuto china panali mkazi wa tsitsi lofiira, malaya atang'ambika paphewa.

"Uyu ndiye ndani?"

"Ndi mtsikana wa mazira uja, mayi."

"Ayi. Ameneyo anali wonenepa, ndipo ankavala juzi ya bambo ake." Analiika pamiyendo pawo. "Mayi akanaona izi akanadwala."

Tinakhala mpaka dzuwa litapendeka. Buku lililonse ndinkawafotokozera nkhani yake mwachidule m'Chichewa. Ena ankawakumbukira, ena ayi, koma ankagwedeza mutu n'kumati zikumveka ngati mayi. Titafika pa lina la panyanja, limene ndinkalikonda kwambiri, ndinafotokoza mmene mwini nkhani amawombera galu wake pachilumba kuti asauwe adani akamadutsa. Nkhope yawo inasintha.

"Limenelo si la mayi."

"Koma zonse zilimo, mayi. Kulawa kapu kulimo, kuzizira kwa Julayi kulimo."

"Kaya zilimo. Mayi akanapha anthu onse pachilumbapo, koma osati galu. Tinali ndi agalu anayi ogona m'sitolo. Bambo atafuna kupha mmodzi wodwala, mayi sanawalankhule mwezi wathunthu."

Ndinati mwina bambo awo ndiwo analemba gawo limenelo. Anakana, nati bambo awo sankaloledwa kukhudza makina. Kenaka anati panali mng'ono wawo wa mayi awo, amene anadzakhala nawo chaka chimodzi ukwati wake utasokonekera. Nayenso anaphunzira kwa masisitere omwewo, nayenso ankadziwa taipi, ndipo nthawi imene mayi awo anadwala ankamva makina akulirabe. Anali munthu wouma mtima, wosakonda ziweto. Pambuyo pake anakwatiwa tsidya la Mozambiki, ndipo nthawi ya nkhondo ya kumeneko mbiri yake inasowa.

"Sindikunena kuti ndi iyeyo," anatero. "Ndinali mwana. Ndikungonena kuti si mayi."

Tisananyamuke ndinafunsa ngati ndingawauze anzanga a kunja zimene ndamva. Anandiyankha motere:

"Auzeni kuti anali mkazi, ndipo anali wa kuno. Auzeninso za abulu. Koma dzina ayi. Sanalifune pachikuto ali moyo, ine ndisawaikire lero."

Ndinawasiyira buku la mazira lija. Sanapemphe, koma nthawi yonse imene tinkacheza linali pamiyendo pawo, dzanja lili pamwamba. Mkazi wanga anandiona ndikulisiya, ndipo tili m'minibasi anati sankadziwa kuti buku likhoza kutuluka m'kabati ija n'kusabwerera.

Bambo wa ku Mangalande anasangalala kwambiri, makamaka ndi za abulu, zimene anati wauza aliyense wa pagulu. Koma anafunsa ngati pali pepala lililonse, risiti kapena chithunzi cha mayiwo ali pamakina. Ndinati palibe, pali mawu a mwana wawo basi. Anati iye akukhulupirira, koma pamndandanda wa gulu alemba kuti nkhaniyi sinatsimikizike. Sindinakwiye. Nanenso munthu akandiuza kuti thumba ndi la kachewere wabwino ndimafuna ndithire pansi ndione. Kungoti iye sanaone dzanja lija likukwera ndisanatembenuze tsamba.

Mayi a ku boma aja ndinawachezeranso kangapo, nthawi zina kukangowawerengera mutu umodzi. Anamwalira chaka chathachi nthawi yokolola, ndipo tinapita kumaliro.

Buku la galu ndinaliika palokha, pashelefu ya pansi. Ndaliwerenganso kawiri. Tsiku lina ndimamva kuti ndi dzanja lomwe lija, tsiku lina ndimaona kuti ziganizo zake n'zazifupi, anthu ake sachedwa kukwiya, ndipo palibe amene amadya kanthu m'buku lonselo, pamene m'mabuku enawo anthu amakhalira kudya. Masiku a msika pa Lizulu, ndikamagula kachewere kwa achikulire ochokera tsidya lija, ndimawafunsa ngati anamvapo za mayi wina woyera khungu, wodziwa Chingerezi ndi taipi, amene anakwatiwa kwawoko kalekale. Ambiri amapukusa mutu. Mmodzi anati kumudzi kwa akazi ake kunali mayi wotero, ankalembera anthu makalata opita ku Joni, koma sakudziwa ngati anali mkaladi kapena anangokhala woyera. Anati akafunsa apongozi ake. Ndinamupatsa nambala yanga, ndipo tinapitiriza kukambirana za mbatata.